Malodibuloko ndi Kuledzera pa Mseu wa Great East: Lamulo Likuti Bwanji, Nanga Athandizadi?

Pa mseu waukulu wa Great East, umene ucokera mu mzinda wa Lusaka ndi kudzera pa mlatho wa Luangwa, ku Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete kufikira mu Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, palibe woyendetsa galimoto amene sadziwa migolo ndi zikwangwani za apolisi. Anthu ambiri amazicha lodibuloko. Wapolisi akakweza dzanja, dalaivala amadziwiratu zimene zidzafunsidwa: laisensi, msonkho wa mseu, inshuwalansi, cikalata coonetsa kuti galimoto ili bwino, ndi matirayango. Zonsezi zimaoneka ndi maso, ndipo zina zimamatidwa pa galasi. Koma mowa umene uli m'magazi a woyendetsa suoneka pa galasi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Ziwerengero za apolisi zionetsa kuti m'zaka za 2021, 2022 ndi 2023, anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamseu caka ciliconse m'dziko la Zambia, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali la anthu oyenda pansi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena mu 2023 kuti miseu imapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa caka. Mu Chipata, mzinda wochuka ndi njinga, mayi wocokera ku msika wa Kapata, mlimi wochova njinga ndi thumba la nshawa, ndi mwana wa sukulu wa ku Mchini kapena ku Nabvutika, onse amagawana mseu umodzi ndi mabasi, mathiraki ndi njinga zamoto. Woyendetsa akaledzera, woyamba kulipira ndi munthu amene alibe citsulo comuchinjiriza.

Mafunso ndi awiri. Kodi apolisi ali nayo mphamvu yoimitsa munthu amene sanamuone akulakwa? Nanga kuimitsako kumacepetsa imfa?

Zimene lamulo linena

Mphamvu yochinga mseu ili m'lamulo la apolisi, Zambia Police Act, mutu 107 wa malamulo a dziko lino. Lamuloli lilola akuluakulu a apolisi kuika zochinga pa mseu pofuna kusunga bata, kupewa milandu kapena kugwira opalamula, ndipo woyendetsa amene apitirira atauzidwa kuti aime amakhala atapalamula mlandu. Nkhani ya mowa ili m'lamulo la zapamseu, Road Traffic Act nambala 11 ya caka ca 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la Road Transport and Safety Agency, lodziwika kuti RTSA. Lamuloli liletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo malire amene anaikidwa ndi mamiligramu 80 a mowa mu mamililita 100 a magazi. Dziko la Malawi lili ndi malire ofanana. Dziko la South Africa linatsika kufika pa 50, ndipo bungwe la World Health Organization lilimbikitsa malire a 50 kwa anthu onse ndi 20 kwa acinyamata ndi ongoyamba kumene kuyendetsa, kamba kakuti ngozi imayamba kukwera munthu asanafike n'komwe pa 80.

Pamwamba pa malamulo awiriwa pali lamulo lalikulu la dziko. Gawo 13 liteteza munthu kuti asamangidwe mwacisawawa, gawo 17 liletsa kufufuza munthu kapena katundu wake popanda cilolezo cake, ndipo gawo 22 lipereka ufulu woyenda paliponse m'dziko. Maufuluwa ali monga momwe analembedwera mu 1991, popeza cisankho ca referendamu ca pa 11 August 2016, cimene cinafuna kuwaonjezera, sicinakwanitse ciwerengero cofunika. Magawo amenewa alola boma kucepetsa ufulu cifukwa ca citetezo ca anthu ndi bata, koma gawo 17 liika malire: cocitikaco cikhale cocokera m'lamulo, ndiponso covomerezeka m'dziko la demokalase.

Motero lodibuloko yofufuza kuledzera ndi yololedwa mu Zambia. Cimene lamulo silipereka ndi ufulu wakuti wapolisi acite ciliconse cimene afuna galimoto ikangoima.

Cilengezo ca 2021

M'caka ca 2021, boma la UPND litangolowa, a Jack Mwiimbu, monga nduna yoona za m'dziko ndi citetezo ca m'kati, analengeza kuti malodibuloko okhazikika a apolisi a pamseu aleke, ndi kuti apolisi aziyendera miseu m'malo mokhala pamalo amodzi. Zochinga za citetezo zinasiyidwa. Oyendetsa mabasi, mataxi ndi mathiraki analandira uthengawu ndi manja awiri, pakuti anali atadandaula kwa zaka zambiri za kucedwetsedwa ndi za ndalama zopemphedwa mopanda lisiti. Kafukufuku wa Zambia Bribe Payers Index, amene bungwe la Transparency International Zambia limacita pamodzi ndi la Anti-Corruption Commission, waika kangapo nthambi ya apolisi a pamseu pakati pa malo amene munthu amakumana kwambiri ndi pempho la ciphuphu.

Koma mau a nduna ndi langizo la kagwiridwe ka nchito. Safafaniza lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo woyendetsa amene akana kuima poganiza kuti malodibuloko onse anathetsedwa angadzipeze ali m'khoti.

Cinanso cosokoneza n'cakuti dzina limodzi la lodibuloko limaphimba zinthu zitatu zosiyana. Pali cochinga ca citetezo, monga ca pa mlatho wa Luangwa, coyang'ana zida, katundu wozembetsedwa ndi anthu olowa m'dziko mopanda cilolezo. Pali cochinga ca mapepala, cimene ndico anthu anatopa naco. Ndipo pali cochinga copima mowa, cimene cili ndi colinga cake, nthawi yake ndi zipangizo zake. Mkwiyo wa anthu pa caciwiri wadetsa mbiri ya cacitatu, pamene umboni wa kumaiko ena uonetsa kuti cacitatuco ndico cimapulumutsa miyoyo.

Umboni wa kumaiko ena

Mlandu wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi wa Michigan Department of State Police ndi Sitz, umene khoti lalikulu la dziko la United States linagamula mu 1990. Pa cochinga cimene cinabweretsa mlanduwo panadutsa magalimoto 126, iliyonse inacedwa pafupifupi masekondi 25, ndipo anthu awiri okha ndiwo anamangidwa. Oweruza asanu ndi mmodzi anati kucedwa kocepa koteroko n'kololeka poyerekeza ndi kukula kwa vuto la kuledzera, pamene atatu anakana. Mu 1993 khoti lalikulu la cigawo ca Michigan comweco linaletsa zochingazi potengera lamulo lake la cigawo. Zaka zingapo m'mbuyo, mu 1979, pa mlandu wa Delaware ndi Prouse, khoti la United States linali litakana kuti wapolisi aziimitsa galimoto iliyonse imene mtima wake wafuna. Kusiyana kwa milandu iwiriyi kuli pa kasankhidwe: cochinga cololedwa cimatsata ndondomeko yolembedwa kale ndi akuluakulu, monga kuimitsa galimoto iliyonse kapena yacitatu iliyonse, kuti wapolisi wa pamseu asasankhe ndi nkhope, mtundu wa galimoto kapena kukula kwa thumba.

Otsutsa amaloza ciwerengero ca anthu awiri pa 126 ndi kunena kuti nchito yotere ndi yotaya nthawi. Koma phindu la cochinga copima mowa siliwerengedwa ndi anthu ogwidwa. Limawerengedwa ndi anthu amene asiya makiyi kunyumba kamba koopa kupimidwa. Ku Australia, cigawo ca Victoria cinayamba kupima madalaivala popanda kudikira cowakayikira mu 1976, ndipo New South Wales inatsatira mu December 1982, ndi kulengeza kwambiri pa wailesi ndi pa kanema; imfa zokhudza mowa zinatsika. Ku Tennessee, nchito ya caka cimodzi ya mu 1994 ndi 1995, ya zochinga mazanamazana m'maboma onse a cigawoco, inatsitsa ngozi zakupha za madalaivala oledzera ndi pafupifupi 20 peresenti. Bungwe la Centers for Disease Control and Prevention, litaunika kafukufuku wa maiko angapo kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, linapezanso kutsika kwa pafupifupi 20 peresenti pa ngozi zokhudza mowa.

M'malo onsewa munali zinthu zofanana: kupima kunali kwa kawirikawiri, anthu anadziwitsidwa kuti kulipo, malo ndi nthawi zinkasintha, ndipo wogwidwa anafikadi pamaso pa woweruza.

Nthawi ndi malo mu Chipata

Muyeso umenewu ukaikidwa pa miseu ya cigawo ca Kum'mawa, zofooka za cochinga cokhazikika zimaonekera msanga. Kulikonse kumene kafukufuku wacitika, ngozi za mowa zimaculuka usiku ndi kumapeto kwa sabata. Cochinga coikidwa Laciwiri m'mawa polowera mu mzinda cidzagwira msonkho wa mseu wotha nchito, koma woledzera wa Loweruka usiku sicimuona. Ndiponso malo amene apolisi amaima tsiku ndi tsiku amadziwika ndi aliyense. Madalaivala amacenjezana ndi magetsi, ndi foni, ndi pa WhatsApp, ndipo wodziwa mzinda amakhotera m'komboni ndi kutulukira kutsogolo, kumene ndiko kuli ana ambiri osewera m'mbali mwa njira.

Nyengo zoopsa m'cigawo cino si zobisika. Pali kumapeto kwa mwezi, pali nthawi ya misika pamene alimi alandira ndalama za fodya, cimanga, soya, nshawa ndi thonje, pali Khrisimasi ndi caka catsopano. Pali mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, ndi wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, pamene khamu la anthu ocokera mu Zambia, Malawi ndi Mozambique limadzaza mseu umodzi, ndipo ambiri amabwerera madzulo. Pali miseu ya ku Lundazi, Chadiza ndi Mfuwe, imene ili ndi malo omwera mowa m'mbali ngakhale kuti maso ambiri ali pa Great East.

Mseu wa Great East weniweniwo unasintha. Utakonzedwa kucokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami ndi thandizo la European Union, African Development Bank ndi mabungwe ena, liwiro la magalimoto linakwera. Mu December 2022 a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa Malawi, anatsegula cipata cimodzi ca Mwami ndi Mchinji pofuna kufulumizitsa malonda. Mseu wosalala, mathiraki oculuka ndi dalaivala amene wamwa, zikakumana pa malo a malonda amene anthu amadumpha mseu, zotsatira zake zimafika ku cipatala ca Chipata Central.

Njinga zamoto zonyamula anthu, zimene zaculuka mu mzinda ndi m'midzi, zili pansi pa lamulo lomwelo la mowa, pakuti nazonso ndi zoyendera injini. Koma ndizo zosavuta kuzemba mgolo. Mtundu wa mowa nawonso ndi nkhani. Boma linaletsa tujilijili mu April 2012, pamene a Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, koma mowa waukali wochipa sunathe, ndipo kacasu wophikidwa pakhomo alibe cizindikiro coonetsa mphamvu yake. Munthu angawerenge makapu amene wamwa koma osadziwa kuculuka kwa mowa umene walowa m'magazi.

Thupi limacotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi mamiligramu 15 pa ola limodzi. Khofi, madzi ozizira kapena nsima yotentha sizifulumizitsa nchito ya ciwindi. Munthu amene wagona pakati pa usiku ali pa 180 angadzuke m'bandakuca akali pamwamba pa 80. Kwa mzinda umene mabasi ake a ku Lusaka amanyamuka m'mamawa, kupima dalaivala pa siteshoni basi isananyamuke kungateteze anthu makumi asanu nthawi imodzi popanda kuchinga mseu uliwonse.

Makina ndi khoti

Cochinga copanda makina opimira mpweya cimadalira mphuno ndi maso a wapolisi, ndipo pamenepo ndi pamene pamayambira mikangano ndi kukambirana kwa pambali. Koma makinawo nawonso ayenera kukhala okhoza kuima m'khoti. Mu 2011, pa mlandu wa Hendricks, khoti lalikulu la cigawo ca Western Cape ku South Africa linakana umboni wa makina a Dräger litapeza zolakwika pa kayesedwe ka makinawo, kasungidwe ka zolembedwa ndi maphunziro a owagwiritsa nchito. Kugwiritsa nchito makinawo m'milandu kunaima kwa zaka. Ku Kenya, khoti la apilo linagamula mu 2017 kuti malamulo aang'ono oyendetsera makina ochedwa Alcoblow sanagwirizane bwino ndi lamulo lalikulu la zapamseu, ndipo Nyumba ya Malamulo inacita kukonza lamulolo mu 2022.

Phunziro lake n'lakuti makina ayenera kuyesedwa nthawi ndi nthawi ndi kukhala ndi cikalata cake, wopima akhale wophunzitsidwa, kapaipi kopumiramo kakhale katsopano kwa munthu aliyense, ndipo papite mphindi 15 mpaka 20 kucokera pamene munthu wamwa komaliza, kuopa kuti makina angawerenge mowa wotsalira m'kamwa. Pamene pafunika magazi, owatenga ndi a zacipatala. Zimenezi zimateteza wosalakwa, ndiponso zimatseka mpata umene wolakwa akanathawira.

Ufulu ndi udindo wa woyendetsa

Woyendetsa ali ndi udindo woima akaimitsidwa ndi wapolisi kapena woyang'anira miseu wa RTSA wovala yunifomu, ndi kuonetsa laisensi yake. Lamulo lipatsa akuluakuluwa mphamvu yofuna kuti apimidwe, ndipo kukana popanda cifukwa comveka kumangomuonjezera mlandu. Walira mvula walira matope: amene afuna kuti mwana wake abwere bwino kucokera kusukulu ayenera kulolera kucedwa kwa mphindi imodzi pa mseu.

Komabe woyendetsa sataya ufulu wake pa mgolo. Angafunse mwaulemu dzina ndi nambala ya wapolisi, ndi kupempha kuona cimene makina awerenga. Akamangidwa, gawo 13 la lamulo lalikulu linena kuti auzidwe cifukwa cake mwamsanga, m'cinenero cimene amva. Kwa anthu ambiri a m'cigawo cino, cimeneco ndi Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka. Gawo 18 limuyesa wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa kapena iye atavomera, ndipo limupatsa ufulu wodziteteza yekha kapena kudzera mwa loya. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu, Criminal Procedure Code, linena kuti ngati womangidwa sangapititsidwe ku khoti m'maola 24, angatulutsidwe pa bondi ya polisi pokhapo ngati mlanduwo ndi waukulu, ndipo bondi imeneyi siigulidwa.

Kuimitsidwa kuti upimidwe mowa sikupereka pakokha cilolezo cokhuthula zikwama za apaulendo. Lamulo lomwelo la milandu lilola wapolisi kufufuza galimoto pamene ali ndi cifukwa cokayikira kuti muli katundu wakuba kapena wopezedwa mosaloledwa. Pa milandu ing'onoing'ono imene munthu amaloledwa kuvomera ndi kulipira faindi, malipirowo ayenera kukhala ndi lisiti la boma, ndipo amene sakuvomera ali ndi ufulu wokaonekera pamaso pa woweruza.

Wocitiridwa nkhanza kapena wopemphedwa ndalama angadandaule ku Police Public Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa mu 2016 m'malo mwa bungwe lakale la madandaulo, ku Anti-Corruption Commission, kapena ku Human Rights Commission. Wosowa ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Board. Koma lamulo lothana ndi ziphuphu la caka ca 2012 lilanga wopereka pamodzi ndi wolandira. Dalaivala woledzera amene agula njira yake ndi ndalama sanapulumutse ufulu wake; wapalamula mlandu waciwiri, ndipo wabwerera pa mseu ndi mowa womwewo m'magazi.

Zimene zingaonetse kuti nchito ikuyenda

Ufulu wa woyendetsa ndi kupambana kwa cochinga zimayendera pamodzi. Ndondomeko yoimitsa aliyense mofanana imacotsa tsankho, ndipo ndiyo imene imacititsa kuti mwini galimoto ya mtengo wapatali aope monga aopera wa minibasi. Makina oyesedwa bwino amamasula wosamwa m'masekondi ocepa, ndipo ndiwo amene amapatsa woweruza umboni wolimba. Lisiti ndi khoti zimateteza thumba la dalaivala, ndipo ndizo zimathetsa cikhulupiriro cakuti mlandu wa mowa uli ndi mtengo wake wa pamseu. Cikhulupiriro cimeneco cikakhalapo, mantha amene anatsitsa imfa ku Australia ndi ku Tennessee sangamere mu Chipata, ngakhale migolo itaikidwa pa kilomita iliyonse.

Apolisi ndi RTSA m'cigawo ca Kum'mawa ali nazo njira zofikira anthu: wailesi ya dziko, mawailesi a m'cigawo monga Breeze FM ndi Radio Maria, mafumu, machalichi ndi mabungwe a oyendetsa mabasi ndi njinga zamoto. Cimene anthu afunika kumva pa mawailesiwa pambuyo pa Nc'wala, Kulamba kapena Khrisimasi ndi ziwerengero zinai: madalaivala angati anapimidwa, angati anapezeka atapitirira malire, angati anafika m'khoti, ndi anthu angati anavulala kapena kufa usiku poyerekeza ndi caka catha. Kuculuka kwa faindi zotoleredwa sikunena ciliconse za citetezo ca munthu woyenda pansi. Ziwerengero zinaizi zikamalengezedwa mwezi ndi mwezi, nzika ya ku Katete, Chadiza kapena Lundazi idzatha kuweruza yokha ngati mphindi imene itaya pa lodibuloko ikugula moyo wa munthu.